Kusunga njinga yamoto winta yonse kuno ku UK osadyedwa ndi dzimbiri

Abale amene muli ndi njinga zamoto kuno, kuzizira kwa ku UK si kwa June wa ku Dedza ayi. Ikamafika November makhonsolo amayamba kumwaza mchere m'misewu kuti isaterere, ndiye mcherewo ndi umene umadya njinga. Ine chaka choyamba ndinangoikankhira mu shedi n'kuifunditsa lona, pofika March tcheni yonse ili psuu ndi dzimbiri, mabawuti a ekizozi osamasuka, ndalama zinapita basi.

Ndiye musanaigoneke itsukeni kaye ndi madzi ozizira, otentha amangofulumizitsa mchere kudya chitsulo. Musangotsuka pamwamba poonekera, gwadani mufike pansi pa injini ndi kuseri kwa ekizozi kumene matope amakakamira. Ikauma gwa, thirani mafuta oteteza ku dzimbiri otchedwa ACF-50 pa kansanza muzipaka paliponse pali chitsulo, koma chonde pa madisiki a mabuleki ndi matayala musayandikepo, mudzagwa pa kona yoyamba. Tcheni nayo ipakeni mafuta ake osaumira.

Thanki idzazeni. Yosadzaza imachita thukuta mkati, dzimbiri n'kuyambira momwemo inu osaona. Komanso petulo wa E10 amene anayamba mu September 2021 uja ali ndi ethanol wambiri, amakoka chinyezi, bola muthire E5 ngakhale ndi wodulirapo. Oyilo sinthanitu, wakale asagone mu injini.

Batire ilumikizeni ku katchaja kaja kodzaza pang'onopang'ono, ngati mu shedi mulibe magetsi ichotseni mukaisunge m'nyumba. Ndipo zomati Loweruka lililonse ndikailize maminitsi 5 "isaiwale", zisiyeni zimenezo, injini siitentha mokwanira ndiye mumangosiya madzi mu ekizozi.

Matayala popani bwino, ngati mulibe sitandi muziikankha pang'ono nthawi zina asamangopondera malo amodzi. Chofunditsa chikhale cholowa mpweya, lona wa pulasitiki amatsekera chinyezi mkati ngati mmene ndinachitira ine muja. Ku ekizozi tsekaniko ndi kansanza makoswe asamangemo nyumba, koma mumate kapepala pa handulo kokukumbutsani.

Ngati ikhale pakhomo osaponda msewu, pangani SORN (kudziwitsa boma kuti njingayo siziyenda mumsewu) ku DVLA, ofesi ya boma yolembetsa magalimoto, ndi yaulere pa intaneti ndipo msonkho wa miyezi yathunthu yotsala amakubwezerani.