Momwe mungapezere malo a kafukufuku wa masamu kunja musanamalize digiri yoyamba

Tchuthi chachikulu cha mayunivesite a ku Ulaya ndi ku America chimayamba mu June mpaka August, ife kuno ku Harare tikunjenjemera ndi chisanu. Mapulogalamu a kafukufuku a ophunzira amachitika pa tchuthi chimenechi, koma mafomu ambiri amatsekedwa pakati pa December ndi February, mvula ili mkati. Wophunzira wa ku University of Zimbabwe (UZ) woyamba kufufuza mu April ndiye kuti wachedwa kale.

Yambani ndi kusankha khomo loti mugogode. Pa intaneti mudzaona mapulogalamu ambirimbiri a REU (kafukufuku wa ophunzira a digiri yoyamba ku America), koma ndalama zake zimachokera ku NSF, bungwe la boma la America loona za sayansi, ndipo zimapita kwa nzika za America ndi okhala ndi green card (chilolezo chokhazikika m'dzikolo) okha. Musataye nazo data. Yang'anani ku Fields Institute ku Toronto, komwe amalandira ophunzira a mayiko ena mu July ndi August, ku ISTA, malo a kafukufuku wa sayansi ku Austria, komanso ku CERN, malo a kafukufuku wa physics ku Geneva, komwe a masamu amalowa limodzi ndi a physics ndi a kompyuta.

Kenako pasipoti, ndipo apa mpofunika kufulumira. Ambiri a ife agogo athu anachokera ku Malawi, Zambia kapena Mozambique, ndipo m'makomo ena ku Mbare ndi ku Mufakose muli zitupa zolembedwabe kuti "Alien". Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 amati munthu amene anabadwira muno malamulowo asanayambe kugwira ntchito, kholo lake lili nzika ya dziko la SADC, iye nkumakhala muno, ndi nzika yobadwa. Konzetsani chitupacho ku ofesi ya kalembera chaka chisanathe, chifukwa visa singayambike popanda pasipoti.

Makalata okuchitirani umboni amafunika awiri kawirikawiri. Pitani kwa aphunzitsi amene anachongapo ntchito yanu, osati amene ali ndi dzina lalikulu koma sakukudziwani. Apatseni mwezi wathunthu, pamodzi ndi transcript, chikalata chosonyeza mmene mwakhozera maphunziro anu.

M'kalata yanu yofunsira malo musalembe kuti mumakonda masamu kuyambira muli mwana, aliyense amalemba zomwezo. Tchulani funso limodzi la mu algebra kapena analysis limene linakusowetsani tulo, ndi pamene munafika nalo. Mukailemba mu LaTeX, pulogalamu yolembera masamu imene mungaigwiritse ntchito paulere pa webusaiti ya Overleaf, owerenga amaona kuti zida mwazigwirapo.

Akakukanani, pemphani mphunzitsi wanu akupatseni pepala limodzi la kafukufuku la pa webusaiti ya arXiv muziwerenga naye pa tchuthi. Lidzakupatsani chokamba pofunsira masters ku AIMS, sukulu ya masamu yomwe inayamba ku Muizenberg ku South Africa mu 2003 ndipo imalipirira ophunzira ake zonse.