Malangizo kwa amene anacitidwa opaleshoni yocepetsa thupi koma alibe matenda a shuga

Werengani izi ngati munacitidwa opaleshoni ya gastric bypass kapena ya sleeve, maopaleshoni ocepetsa cifu. Shuga wa m'magazi angatsike kwambiri ngakhale kuti simunadwalepo matenda a shuga. Vutoli limapezeka kwambiri pambuyo pa bypass, ndipo kawirikawiri limayamba patapita caka kapena kuposerapo, munthu ataiwala kale za cipatala.

Cifu cikacepetsedwa, cakudya sicikhalitsamo. Cimagwera msanga m'matumbo aang'ono. Shuga amakwera mwadzidzidzi, matumbo amatulutsa homoni ya GLP-1 yambiri, ndipo homoniyi imacititsa kapamba kutulutsa insulini (homoni yotsitsa shuga) yopyola muyeso. Insulini imeneyi ndiyo imagwetsa shuga pakati pa ola limodzi ndi maola 3 mutadya.

Shuga akatsika mudzamva thukuta, kunjenjemera, mtima kuthamanga, njala yadzaoneni, maso kucita cidima ndi mutu kusokonezeka. Zikafika poipa munthu amakomoka. Musasokoneze ndi kupota kwa m'mimba, mseru ndi kutsegula m'mimba zimene zimabwera mphindi 10 mpaka 30 mutangodya: limenelo ndi vuto lina.

Mukamva zizindikiro, pimani shuga. Akakhala pansi pa 3.0 mmol/L, watsika moopsa. Idyani magalamu 15 a glukosi, dikirani mphindi 15, pimaninso. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: mantha amawacititsa kumwa botolo lonse la cakumwa cotsekemera, shuga n'kukweranso kenaka n'kugwanso. Mukakhala bwino, idyani kanthu ka mapuloteni, monga dzira. Ngati dokotala anakupatsani mankhwala a acarbose, gwiritsani nchito glukosi weniweni basi, cifukwa mankhwalawa amacedwetsa kugayika kwa shuga wamba. Munthu wokomoka musamuike kanthu m'kamwa. Mugonekeni cammbali ndi kuthamangira naye kucipatala.

Kupewa kuli pa kadyedwe. Muzidya pang'onopang'ono ka 6 pa tsiku, zakudya zokhutitsa zisapitirire magalamu 30 a kabohaidireti nthawi imodzi, ndipo yambani ndi mapuloteni ndi ndiwo zamasamba. Madzi muzimwa patapita mphindi 30 mutadya. Mowa usiyeni.

Conde musayendetse galimoto mukumva zizindikirozi. Shuga akamatsika pafupipafupi, thupi limaleka kucenjeza, ndiye munthu amangogwa osamva kalikonse. Ndipo akamatsika usiku kapena m'mawa musanadye, uzani dokotala msanga, pakuti pangafunike kufufuza cifukwa cina.