Kanyali kakazima, simbi ikadali pamoto

Simbi yanga ndi yamagetsi yosatulutsa nthunzi, ya mawati 1,000, ndipo ndakhala nayo zaka 9. Ilibe thanki yamadzi, pansi pake palibe tizibowo. Ndimaikonda chifukwa ilibe zambiri zoti n'kuwonongeka, koma inandiwotcherapo shati, ndipo wolakwa ndinali ine.

Tsiku limenelo ndikusita shati yoyera, foni inalira kuchipinda. Nditaona kuti kanyali kofiira kazima, ndinaisiya simbiyo chogona pamsana pa shati. Pobwerera, fungo la nsalu yopserera linandichingamira pakhomo. Mkati mwa simbi muli thermostat, kachitsulo ka zitsulo ziwiri zomatikizana zimene sizifutukuka mofanana zikatentha. Kutentha kukafika pamene mwasankha, kachitsuloko kamapindika n'kudula magetsi, kanyali n'kuzima. Simbi ikazizirako pang'ono kamawongokanso, mumamva kuti "tcha", moto wabwerera. Zimangopitirira choncho mpaka munthu atazula pulagi, chifukwa simbi zambiri zamtunduwu sizizima zokha. Ndiye mukamachokapo, ngakhale kwa mphindi imodzi, iimikeni chilili ndipo muzule pulagi. Magetsi akathima mukusita, zulaninso pomwepo. Akadzayaka inu mutaiwala, simbi iyamba yokha.

Musanatembenuze kagudumu kosankhira kutentha, yang'anani kalebulo kosokedwa m'khosi kapena m'mbali mwa chovala. Pamakhala kachithunzi ka simbi kokhala ndi timadontho. Kadontho kamodzi ndi madigiri pafupifupi 110, koyenera nayiloni ndi nsalu zina zosachedwa kusungunuka. Tiwiri ndi pafupifupi 150, pa ubweya ndi poliyesitala. Titatu ndi pafupifupi 200, pa thonje ndi bafuta. Kasimbi kakakhala kodulidwa ndi mtanda, chovalacho musachisite n'komwe. Ine ndimaunjika zovala m'milu itatu n'kuyamba ndi za kadontho kamodzi. Chitsulo chimatentha msanga koma chimachedwa kuzizira, choncho mukachoka pa thonje n'kupita pa nayiloni, kutembenuza kagudumu kokha sikungapulumutse chovalacho.

Popeza nthunzi palibe, chinyezi mubweretse nokha. Thonje louma gwa silimva simbi. Liwazeni madzi pang'ono, mulikulunge, mudikire mphindi 10 kuti chinyezi chifalikire, kenako musite. Thalauzi lakuda ndimalitembenuza, apo ayi ndimayala kansalu koyera konyowa pamwamba pake, kuopa kuti lingayambe kunyezimira m'mawondo ndi pamatumba. Powaza madziwo musanyowetse simbi kapena pulagi, ndipo manja akhale ouma.

Chingwe ndicho anthu sachiyang'ana. Chimayamba kutha pamene chimalowera m'simbi, chifukwa ndi pamene chimapindika mukamasita. Chisisiteni ndi zala simbi isanalumikizidwe. Mukapeza pong'aluka, poderako, kapena kanyali kakamaphethira mukagwedeza chingwe, lekani kuigwiritsa ntchito mpaka wodziwa zamagetsi atasintha chingwe chonse. Kumata ndi tepi sindikuvomereza ayi: tepi imafewa ikatentha. Mu pulagi ya mano atatu muli waya wobiriwira ndi wachikasu wolumikizidwa kuchitsulo cha simbi. Ntchito yake ndi kuthawitsa magetsi akatayikira pachitsulocho, kuti asadutse m'thupi mwanu. Musalole aliyense kuudula, ndiponso musalowetse mawaya opanda pulagi m'soketi.

Ngati pakhomo pali mwana wokwawa, chingwe chisalendewere m'mbali mwa tebulo. Akachikoka, simbi yonse imamugwera. Wina akapsa, thirani madzi ozizira oyenda pamalopo kwa mphindi 20. Osapakapo mafuta, mankhwala otsukira mano kapena ayezi. Chilonda chikakhala chachikulu, chili kumaso kapena padzanja, kapena wapsayo ndi mwana, pitani naye kuchipatala.

Nayiloni ikamatirira pansi pa simbi, itenthetseni pang'ono, muzule pulagi, n'kupukuta pansalu yathonje yokhuthala idakali yofunda. Mpeni kapena sitiliwulo zimakanda chitsulo, ndipo mikwingwirimayo imadzakoka ulusi wa zovala. Mukamaliza kusita, isiyeni chilili pamalo pamene ana sangafike mpaka izizire, pafupifupi theka la ola. Chingwe muchikulunge momasuka simbi itazizira, chifukwa chikakhudza chitsulo chotentha chimatha kuwonongeka.