Kuika regulator ya petulo yosinthika pa injini ya turbo: chitsanzo cha Nissan SR20DET

Munthu akangoika pampu yaikulu m'thanki ya petulo ya galimoto ya Nissan Silvia, monga Walbro ija yotulutsa malita 255 pa ola, kawirikawiri galimoto imasintha khalidwe: ikakhala pa idling ekizozi imanunkha petulo wosapsa, mapulagi amada ndi mwaye, ndipo mafuta amatha msanga kuposa kale. Pampuyo siinalakwe kanthu. Vuto limakhala pa regulator imene galimoto inabwera nayo, chifukwa kabowo kake kobwezera petulo ku thanki kanapangidwa molingana ndi pampu yaing'ono, ndiye pamene injini ikumwa pang'ono koma pampu ikukankha wambiri, petulo amasowa kotulukira ndipo pulesha imakwera kupitirira muyezo. Apa ndi pamene pamafunika regulator yomangidwa payokha kunja kwa fuel rail (paipi yachitsulo yogawira petulo ku mainjekita), yokhala ndi sikulu yosinthira pulesha. Chitsanzo chathu ndi SR20DET, injini ya malita 2 imene inali mu Silvia kuyambira 1991 mpaka 2002, koma ndondomeko yake ndi yomweyi pa injini zambiri za mainjekita zokhala ndi paipi yobwezera petulo ku thanki.

Musanagwire sipanala, mvetsani kaye chimene kachipangizoka kamachita, poti zolakwika zambiri zimayambira pomwepa. M'kati mwake muli sipuling'i imene imapanikiza kachikopa ka labala kotchedwa diaphragm, ndipo kachikopako kamatseka kabowo kobwezera petulo mpaka pulesha itakwana. Pamwamba pa kachikopako pamafika kapaipi kochokera ku manifodi ya mpweya. Injekita imapopera petulo m'manifodi momwemo, choncho kuchuluka kwa petulo amene amatuluka kumadalira kusiyana kwa pulesha ya mu rail ndi pulesha ya m'manifodi. Kompyuta ya injini imawerengera nthawi yotsegulira mainjekita poganiza kuti kusiyanako sikusintha, ndipo pa SR20DET kusiyanako ndi 3 bar, kapena kuti 43.5 psi. Turbo ikakankha 1 bar m'manifodi (pulesha imeneyi ndiyo imatchedwa boost), mu rail muyenera kukhala 4 bar. Injini ikakhala pa idling n'kumakoka vacuum, pulesha iyenera kutsika kufika cha m'ma 2.5 bar. Regulator yochita zimenezi imalembedwa kuti 1:1, ndipo ndi yokhayo imene mukufuna.

Kunena mosapsatira, regulator siiwonjezera mphamvu ya injini. Ena amaigula ndi cholinga chokweza pulesha kuti mainjekita aang'ono atulutse petulo wambiri, koma masamu ake sakondweretsa: kukweza pulesha kuchoka pa 3 bar kufika pa 4 bar kumangowonjezera pafupifupi 15 peresenti, kutanthauza kuti injekita ya 370cc ya mu Silvia ya mtundu wa S13 kapena S14 imafika cha m'ma 427cc basi. Nthawi yomweyo pampu imatulutsa malita ochepa pulesha ikamakwera, ndiye mwina mwapeza pang'ono ku injekita n'kutaya ku pampu pa nthawi imene injini ikufuna petulo kwambiri. Ngati mainjekita achepa, gulani aakulu n'kukonzetsa kompyuta.

Tsimikizani kuti galimoto yanu ndi ya mtundu woyenera. Yang'anani pa rail: ngati pali mapaipi awiri a petulo, ina yobweretsa ina yobweza, komanso kachitini kokhala ndi kapaipi ka vacuum kumapeto kwake, pitirizani. Magalimoto ambiri a m'zaka za m'ma 2000 ali ndi paipi imodzi yokha chifukwa regulator yawo ili m'thanki, ndipo amenewo amafuna kuti muyale paipi yobwezera kuchoka ku injini mpaka ku thanki, ntchito ina yaikulu payokha. Injini za direct injection, zopopera petulo m'silinda mwenimweni, zimene pulesha yake imapitirira 100 bar, musazikhudze n'komwe ndi njira ino. Pogula, samalani ndi zinthu ziwiri zofanana maonekedwe ndi chimene mukufuna: regulator ya kabureta, imene imagwira pulesha yosafika ngakhale 1 bar, ndi chipangizo chotchedwa FMU chimene chimakweza pulesha ya petulo ndi 6 bar kapena 12 bar pa 1 bar iliyonse ya boost. Makampani monga Aeromotive, Turbosmart, Sard ndi Tomei amapanga ma regulator a 1:1 odziwika, koma achinyengo otengera maina awo ndi ambirimbiri pa intaneti, ndipo ine sindingaike kachikopa kosadziwika kochokera pakati pa petulo ndi injini yotentha pofuna kupulumutsa ndalama zochepa.

Kuwonjezera pa regulator, mufunika adaputa yolowa pamalo pa regulator yakale, O-ring yatsopano, geji yofika 7 bar kapena kuposerapo, bulaketi, ndi paipi. Pa paipi ndi pamene anthu amaotchera magalimoto. Werengani zolembedwa pambali pake: SAE J30R9 ndiyo ya fuel injection, pamene J30R7, imene imaoneka chimodzimodzi ndipo ndi yotsika mtengo, inapangidwira pulesha yochepa. Kwa ife a ku Malawi nkhaniyi ndi yofunika kawiri, chifukwa petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe kuyambira 1982 pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba ntchito, ndipo ethanol amaumitsa ndi kung'alula labala wosayenera. Makilampu akhale a fuel injection, osalala m'kati, osati aja okhala ndi timabowo amene amaluma paipi mukamamanga. Ngati mwasankha mafiting'i a AN, zolumikizira mapaipi zachitsulo zomanga ndi sipanala, saizi ya -6 ndi yokwanira pa injini yamtunduwu.

Gwirani ntchitoyi injini itazizira, pamalo podutsa mphepo, chozimira moto chili pafupi ndipo wosuta fodya ali kutali. Yambani ndi kuchotsa pulesha imene yatsalira m'mapaipi: zulani fyuzi ya pampu ya petulo, lizani injini, isiyeni ilire mpaka izime yokha, kenako yeserani kuiliza kawiri kapena katatu. Tsegulani chivundikiro cha thanki kuti mpweya utuluke, ndipo chotsani waya wa negative pa batire. Ngakhale mwachita zonsezi petulo wina amatsalabe mu rail, choncho kulungani sanza pamalo pamene mukumasula ndipo valani magalasi oteteza maso.

Regulator yakale yagwiridwa ndi masikulu awiri kumapeto kwa rail. Masikulu amenewa ndi ang'onoang'ono, ofewa, ndipo akhala pamenepo zaka zoposa 20 akutentha ndi kuzizira. Mitu yake ndi ya muyezo wa ku Japan wotchedwa JIS, umene umafanana ndi Phillips koma suli ndendende, moti sikuludilaiva wamba amaterereka n'kudya mutu wonse. Thirani mafuta omasulira, dikirani, sankhani sikuludilaiva wolowa mothina, mugogodeni pang'ono ndi hamala, kenako potokolani mukukanikiza ndi thupi lonse. Akatuluka, ikani mabawuti a Allen m'malo mwake. Vulani kapaipi ka vacuum ndi paipi yobwezera, kokani regulator molunjika, ndipo suzumirani m'bowo kuti O-ring yakale isatsalire m'menemo. Pakani O-ring yatsopano kadontho ka oyilo wa injini woyera, lowetsani adaputa mowongoka mpaka ikhale pansi bwinobwino, ndipo mangani mabawuti awiriwo mosinthanasinthana. O-ring yolowetsedwa youma imapindika kapena kudulika, ndipo imayamba kuchucha patapita masiku, inu mutaiwala kale.

Malo omangapo regulator yatsopano asankheni mofatsa. Pa Silvia turbo ndi ekizozi zili kumanzere kwa galimoto ndipo manifodi ya mpweya ili kumanja, choncho regulator ikhale kumanja, pa bodi ya galimoto pafupi ndi rail, pomwe dzanja lingafike pa sikulu yake ndipo maso angaone geji. Isalendewere pa mapaipi ake okha. Paipi yochoka pa adaputa imalowa pabowo la m'mbali, yobwerera ku thanki imatuluka pabowo la pansi, ndipo bowo la m'mbali limene latsala limatsekedwa ndi pulagi yake. Umu ndi mmene ma regulator ambiri alili, komabe tsimikizani ndi pepala lobwera m'bokosi. Paipi yochoka ku injini kupita pa bodi isakhale yokokeka kwambiri, poti injini imagwedezeka pa mamaunting'i ake mukaponda moto. Pa zomangira pali lamulo limene limasokoneza ambiri: mafiting'i a AN ndi aja okhala ndi O-ring safuna tepi kapena phala lililonse, chifukwa amatseka ndi mlomo wake kapena ndi labala. Bowo la geji lokha, la 1/8 NPT, ndilo limafuna kaphala kochepa kopirira petulo, kopakidwa kusiya mizere iwiri yoyambirira kuti nyenyeswa zisalowe m'kati n'kukakamira pa valavu.

Kapaipi ka vacuum ndi kochepetsetsa pa zonse, koma moyo wa injini uli pamenepo. Kachokere pa manifodi penipeni, kuseri kwa throttle, kakhale kafupi, ndipo kasagawane njira ndi blow-off valve kapena boost controller, chifukwa zipangizo zimenezo zimasokoneza pulesha imene regulator ikuwerenga. Mangani mbali zonse ziwiri ndi kilampu kapena cable tie. Ndinaonapo galimoto imene mwini wake anangokankhira kapaipika ndi chala n'kunena kuti kagwira. Kanavuka ali pa giya yachitatu turbo ikukankha, pulesha ya petulo inatsalira pa 3 bar pamene manifodi inali ndi 1 bar, ndipo mainjekita ankapopera ngati ali pa 2 bar. Titazula mapulagi, imodzi inatuluka yoyera ngati choko, yokhala ndi timadontho ta aluminiyamu tochokera pa pisitoni.

Tsopano bwezerani fyuzi ndi waya wa batire. Musalize injini. Potokolani kiyi kufika pa ON, mverani pampu ikulira kwa masekondi angapo, zimitsani, ndipo bwerezani katatu kapena kanayi. Dutsitsani pepala louma pansi pa cholumikizira chilichonse, chifukwa petulo wochepa amauma maso asanamuone koma papepala amasiya banga. Pakakhala pouma ponseponse, lizani injini n'kuyang'ananso.

Kusintha pulesha kumachitika injini itatentha ndipo ili pa idling. Vulani kapaipi ka vacuum pa regulator n'kukatseka kumapeto kuti injini isakoke mpweya wapadera. Masulani nati yokhoma, tembenuzani sikulu kumanja kuti pulesha ikwere kapena kumanzere kuti itsike, pang'onopang'ono, mukudikira kuti muvi wa geji ukhazikike. Ukafika pa 3 bar, gwirani sikulu ndi Allen key pomanga nati, apo ayi sikuluyo imayenda nayo limodzi. Mukabwezera kapaipi muvi uyenera kutsika nthawi yomweyo kufika cha m'ma 2.5 bar. Amene amaika 3 bar kapaipi kali pomwepo amakhala akweza pulesha ndi theka la bar osadziwa. Ngati mwamasula sikulu mpaka kumapeto koma pulesha ikukana kutsika, regulator ilibe mlandu: paipi yobwezera yapindika, yatsekeka, kapena yachepa. Dziwaninso kuti geji zodzazidwa ndi madzimadzi zimanama zikatentha pansi pa boneti, choncho ndi bwino kufananitsa ndi geji ya ku galaja kamodzi.

Chatsala ndi kutsimikiza kuti pulesha ikutsatira boost. Poyamba yesani galimoto itaima: lumikizani kapampu ka m'manja pa kabowo ka vacuum, injini ili pa idling, pompani 1 bar, ndipo geji ionetse 4 bar. Kuyesa kwenikweni ndi kwa pa dyno, makina oyesera mphamvu ya galimoto ili pamalo amodzi, kapena pa bwalo la mpikisano, pogwiritsa ntchito sensa yamagetsi imene imatumiza chiwerengero pa dashibodi. Paipi ya petulo yeniyeni musailowetse m'kati mwa galimoto kuti muziona geji. Pa boost ya 0.8 bar muyenera kuona 3.8 bar, ndipo ikhale pomwepo mpaka injini itafika pa liwiro lake lapamwamba. Ikayamba kugwa pamene ma rev akukwera, chotsani phazi msanga n'kuyang'ana fyuluta ya petulo, mawaya opita ku pampu ndi pampu yeniyeniyo. Geji ya wideband pa ekizozi, yoyesa kusakanizika kwa mpweya ndi petulo, iyenera kuonetsa muyezo wake wa lambda wa cha m'ma 0.8 turbo ikamakankha mokwanira.

Ma regulator ambiri amtunduwu sasunga pulesha injini ikazima, choncho musadabwe kuona muvi uli pa ziro m'mawa. Ingodikirani pampu imalize kulira musanalize injini. Pakatha sabata, gwiraninso makilampu onse chifukwa paipi yatsopano imaphwa pang'ono ikatentha, kenako vulani kapaipi ka vacuum n'kukanunkhiza. Mukapeza muli monyowa ndi petulo, diaphragm yang'ambika, ndipo galimoto isayende mpaka mutaisintha.