Momwe mungapangire nthano ya ngwazi pafoni yophunzitsa ana nzeru za makolo

Ku Roebourne, tawuni yaing'ono ya m'chigawo cha Pilbara kumadzulo kwa Australia, ana a mitundu ya Ngarluma ndi Yindjibarndi anachita chinthu chomwe ndimalakalaka mphunzitsi aliyense atachimva. Mothandizidwa ndi bungwe la Big hART komanso katswiri wojambula Stu Campbell, anapanga nkhani ya zithunzi yowerengera pa iPad yotchedwa NEOMAD. Ngwazi za m'nkhaniyo, gulu lotchedwa Love Punks, ndi anawo eni ake. Nkhope ndi zawo, mawu ndi awo, ndipo utoto wa pazithunzi ankapaka okha ataphunzira Photoshop, pulogalamu ya pakompyuta yokonzera zithunzi. M'nkhanimo amayendayenda m'chipululu cha kwawo n'kumakumana ndi zidutswa za roketi komanso zithunzi zamakedzana zogoba pamiyala, zonga za ku Murujuga, m'chigawo chomwecho, komwe zilipo zoposa 1 miliyoni. Mu 2016 nkhaniyi inapata Gold Ledger, mphotho yapamwamba ya nkhani za zithunzi m'dzikolo.

Inunso mutha kuyamba ntchito yonga iyi ndi kalasi lanu kapena kalabu ya achinyamata, ngakhale muli ndi foni imodzi ndi laputopu yobwereka. Chovuta si makina ayi. Chovuta n'chakuti mphamvu za ngwaziyo zichokere mu nzeru yeniyeni ya anthu, ndipo eni nzeruyo avomereze.

1. Yambirani kwa eni nzeru

Gemu ya Never Alone, yomwe inatuluka mu 2014, ndi ya anthu a mtundu wa Iñupiat a ku Alaska, ku America. Bungwe la eni dziko a ku Alaska, Cook Inlet Tribal Council, ndilo linaitana kampani ya E-Line Media kuti agwirire limodzi ntchito. Nthano yomwe anasankha, Kunuuksaayuka, inali yosimbidwa ndi mkulu wina wodziwa nthano, Robert Nasruk Cleveland. Iye anali atamwalira kale, koma opanga gemuwo sanati nthano ilibe mwini. Anapita kwa mwana wake, mayi Minnie Gray, kukapempha chilolezo, ndipo akuluakulu ndi osimba nthano pafupifupi 40 anatengapo mbali mpaka kumapeto.

Chitani chimodzimodzi. Kaonekereni kwa amfumu, mufotokoze cholinga chanu, akulozereni agogo odziwa. Mukakhala nawo pansi, mugwirizane zinthu zitatu: zomwe zinganenedwe poyera, dzina la amene atchulidwe kuti ndiye anapereka nzeruyo, ndiponso amene adzasunge zojambulidwazo. Za kudambwe ndi za kutsimba zili ndi eni ake. Anamkungwi akati apa ayi, musakakamire, ndipo musatume ana kukafufuza mwamseri. Ngakhale zithunzi za pamiyala ya ku Chongoni ku Dedza, komwe kuli malo 127 omwe UNESCO inawazindikira mu 2006, zina mwa izo ndi za chinamwali ndi Nyau. Kuti zimaoneka ndi maso sizikutanthauza kuti tanthauzo lake ndi la pa WhatsApp.

2. Sankhani nzeru imodzi yomwe mwana angathe kuiyesa

Apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Amafuna kulowetsa chikhalidwe chonse m'nkhani imodzi, magule, miyambi, zakudya, mbiri ya mafumu, mapeto ake mwana satolapo kanthu. Tengani chinthu chimodzi chomwe makolo anachipeza poyang'anitsitsa chilengedwe zaka zambiri.

A Kamilaroi ndi a Euahlayi a ku Australia amaona chithunzi cha emu, mbalame yaikulu yosauluka, kumwamba, osati m'nyenyezi zowala, koma m'zigamba zakuda za mumlalang'amba. Ikaoneka ngati ikuthamanga, cha mu Epulo ndi Meyi, amadziwa kuti emu za pansi pano zayamba kuikira mazira. Imeneyo ndi kalendala, ndipo mwana atha kutuluka panja usiku n'kuitsimikizira yekha.

Kwathu kuno, tengani msangu. Mitengo yambiri imaphuka masamba mvula ikagwa, koma msangu umachita zosiyana: umayoyola masamba dzinja likamayamba n'kuphukanso m'chilimwe. Motero chimanga chodzalidwa pansi pake sichisowa dzuwa, masamba ogwawo amawolerana n'kusanduka manyowa, ndipo mtengowu, pokhala wa gulu la nyemba, umawonjezera nayitrojeni (chakudya cha mbewu) m'nthaka. M'chilimwe umapereka mthunzi ndi zipatso zomwe mbuzi ndi ng'ombe zimadya. Alimi akale ankausiya m'munda polima asanamvepo mawu akuti nayitrojeni. Nzeru yotereyi ndiyo ikufunika, chifukwa agogo ndi buku la sayansi akunena chinthu chimodzi, aliyense m'mawu ake.

Za mankhwala azitsamba muzisamale nazo. Musalembe mlingo kapena kaphikidwe ka mtsitsi uliwonse m'nkhani ya ana.

3. Mphamvu za ngwazi zimere pa nzeruyo

Musamupatse ngwazi wanu mphamvu youluka kapena yosanduka nyama. Kupatula kuti n'zobwereka, makolo ena akadzaona mwana akuuluka pafoni adzaganiza za ndege ya lichero, ndipo ntchito yanu idzathera pomwepo. Mphamvu yake ikhale nzeru ija itakuzidwa. Mwachitsanzo, mtsikana yemwe akagwira nthaka ndi chikhatho amaona zonse za pansi: mizu ya msangu ikutsika kukafuna madzi akuya, tizilombo tikugaya masamba, nthaka yotopa ikuoneka yotuwa. Mphamvuyo anaiphunzira kwa agogo ake, ndipo imachepa akaleka kufunsa mafunso. Ndimaikonda mfundo imeneyi chifukwa imabwezera mwana wowerenga pakhonde pa agogo ake.

Mdani naye achokere m'moyo weniweni: chigumula chokokolola nthaka, chilala, kapena chimphona chomeza mitengo chomwe chimakula nthawi iliyonse mtengo ukagwa. Musasandutse munthu wowotcha makala kukhala chilombo, popeza m'kalasimo muli ana omwe sukulu yawo ikulipiridwa ndi makala omwewo.

Asiyeni ana asankhe okha dzina la ngwazi, zovala zake ndi mudzi wake.

4. Nkhani ikhale ndi mphambano

Nthano zathu sizinali zongomvera. Wosimba akati "Padangokhala," tonse tinkayankha "Tili tonse," ndipo nyimbo ikabwera tinkavomera. Chomwe makina akuwonjezera n'chakuti womvera tsopano atha kusankha njira.

Yambani papepala. Dulani timapepala, lililonse likhale chochitika chimodzi, muziyale pansi ndi kulumikiza ndi choko. Pa zochitika zitatu kapena zinayi ikanipo funso lofuna kuti wowerenga aganize. Mvula yayandikira, msangu wayoyoka, anthu a m'mudzi akuti wauma, audule. Ngwazi itani? Akasankha kudula, nkhani isangoti walakwa. Ipitirire, aone chimanga chikuchita chikasu, mbuzi zikusowa chakudya mu Okutobala, kenaka apatsidwe mpata wobwerera. Mwana amakumbukira chomwe waona chikuchitika kuposa chomwe wauzidwa.

Mukakhutira nayo, ilowetseni mu Twine, pulogalamu yaulere yolembera nkhani za mphambano. Ikatha imatuluka ngati fayilo imodzi yotsegula pa kompyuta kapena foni popanda intaneti. Ngati mukufuna kuti ngwazi iziyenda ndi kudumpha, gwiritsani ntchito Scratch, yomwenso ndi yaulere ndipo ili ndi mtundu wosalira intaneti.

5. Zithunzi ndi mawu zikhale za pamalopo

Ana ajambule ngwazi papepala loyera ndi cholembera chakuda, mujambule pepalalo ndi foni panja pamthunzi, kenaka apake utoto ndi ibisPaint pafoni kapena Krita pa laputopu. Kumbuyo kwa chithunzi ikani malo enieni: dimba la sukulu, chitsime, msangu womwe aliyense amaudziwa. Mwana akazindikira njira yomwe amadutsa popita kuchigayo, walowa kale m'nkhani, ngakhale mulibe magalasi a VR, omwe ukavala umaona ngati uli mkati mwa chithunzi.

Mawu ndiwo amakoka mtima koposa. Jambulani njiwa m'mamawa, khasu likugunda nthaka, mvula padenga la malata. Wosimba akhale agogo omwe aja, m'chiyankhulo chawo, osawakonzera mawu. Mu Never Alone nthano imasimbidwa m'Chiiñupiaq, ndipo wosewera akamapita patsogolo amatsegula timafilimu tifupitifupi ta akuluakulu akufotokoza za moyo wawo. Inunso pamathero a gawo lililonse ikani mphindi imodzi ya agogo akulongosola momwe anadziwira za mtengowo. Mawu mutha kuwadula ndi kuwayeretsa ndi Audacity. Musanaike nkhope kapena mawu a mwana aliyense, pezani chilolezo cha makolo ake cholembedwa.

6. Tsekani foni, pitani kumunda

Gawo lomaliza la nkhani likhale ntchito yochita ndi manja. Pemphani mlimi yemwe ali ndi msangu m'munda mwake. Ana asankhe mapesi khumi pansi pa mtengo ndi ena khumi kutali nawo, m'munda womwewo, odzalidwa tsiku limodzi. Aziyeza kutalika kwake sabata iliyonse, alembe mtundu wa masamba, ndipo pokolola awerenge ndi kuyeza zisononkho. Zomwe apeza, kaya zagwirizana ndi nthano kaya ayi, zilembedwe momwe zilili ndi kuikidwa kumapeto kwa fayilo ija. Zikasiyana, afunse agogo ndi alangizi a zaulimi chifukwa chake, pakuti mtengo waung'ono sungafanane ndi wa zaka makumi atatu.

7. Ionetseni kwa eni ake isanapite kwina

Oyamba kuiona akhale agogo aja ndi amfumu. Akati chithunzi ichi chichoke kapena mawu awa sitinatero, konzani. Akavomera, lembani mayina awo koyambirira monga eni nzeru, kenaka a ana onse ndi ntchito yomwe aliyense anagwira. Siyani kope limodzi kusukulu, lina kwa amfumu pa memori khadi. Mukatero mutha kuitumiza kwa aphunzitsi anzanu pa Bluetooth kapena WhatsApp, ndi uthenga woti asasinthe mawu a agogo popanda kubwera kudzafunsa.