Nsomba ndi makorali m'thanki imodzi: zomwe mbuna sizinandiphunzitse

Ndinasunga mbuna zaka zisanu ndisanagule korali wanga woyamba kuno ku Durban. Mbuna, zija ndinakula ndikuziona m'miyala ya ku Cape Maclear, ndi nsomba zopirira. Muzidzaze m'thanki, muchedwe kusintha madzi, zimangokuyang'anani. Ndiye ndinkati za m'nyanja ya mchere n'chimodzimodzi, kusiyana ndi mchere basi. Mwezi usanathe, makorali anga atatu anali atayera mbee!

Korali si mwala kapena chomera, ndi nyama. M'thupi mwake mumakhala tindere totchedwa zooxanthellae, timene timamupangira chakudya tikaombedwa ndi kuwala. Madzi akamasinthasintha, amatitulutsa tindereto, ndipo kuyera kuja kumabwera choncho. Ntchito yanu yaikulu ndi yoti madzi a lero afanane ndi a dzulo.

Madzi a pampopi asiyeni, gulani sefa ya RO/DI, yomwe imachotsa zinthu zosungunuka m'madzi. Mchere ndi uja wogulitsidwa m'mashopu a nsomba, osati wa m'ndiwo. Sungunulani mu ndowa, pafupifupi magalamu 35 pa lita, muyeze ndi refractometer, kachida koyezera kuchuluka kwa mchere m'madzi, mpaka ionetse 1.025 kapena 1.026. Kutentha kukhale madigiri 25 mpaka 26. Mu Januwale kuno kumatentha zedi, moti ndimaika kafani pamwamba pa madzi. Ndipo gwirani ichi: madzi amauma, mchere umatsala. Thanki ikaphwera, onjezerani madzi opanda mchere. Apa m'pamene ndinaphera atatu aja, ndinkangothira amchere tsiku ndi tsiku.

Mukaika mchenga ndi miyala, dikirani masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. Thanki yopanda nsomba imatopetsa kuiyang'ana, ndipo alendo azikufunsani ngati mukuweta miyala, koma nthawi imeneyi mabakiteriya akuswana. Ndi iwo amasandutsa ammonia wochokera ku ndowe za nsomba kukhala nitrite, kenako nitrate. Muziponyamo tichakudya ta nsomba kuti apeze podyera. Ammonia ndi nitrite zikafika pa 0, mwakonzeka.

Yanga ndi ya malita 200, ndipo muli nsomba zinayi zokha: ma clownfish awiri a mtundu wa ocellaris, royal gramma ndi firefish. Firefish amadumpha, vindikirani thanki ndi kaukonde. Butterflyfish n'ngokongola, inde, koma mitundu yambiri imadya makorali. Ma angelfish akuluakulu nawonso amajompha. Nzeru ya ku mbuna ija, yochulukitsa nsomba kuti zisamenyane, kuno ndi tsoka, chifukwa ndowe zikachuluka ndere zimakuta makorali.

Nsomba yatsopano iyambe yakhala payokha m'kathanki kena kwa mwezi. Chifukwa chake n'chakuti mankhwala a matenda a timadontho toyera amakhala ndi kopa (mkuwa), ndipo kopa amapha makorali, nkhono ndi ma shrimp. Matendawa akalowa m'thanki yaikulu, mudzagumula miyala yonse kuti mugwire nsomba, ndipo thankiyo idzakhala yopanda nsomba miyezi yoposa iwiri.

Makorali yambani ndi ofewa, monga mushroom ndi leather. Green star polyps samafa wamba koma amayanga ngati kapinga, apatseni mwala wawokha. Zoanthid gwirani mutavala magolovesi ndi magalasi, pakuti ena ali ndi poizoni wotchedwa palytoxin. Hammer ndi torch amatambasula timanja toluma, ndiye oyandikana nawo akhale patali ndithu. Acropora muiwale kaye chaka chonse. Korali watsopano aliyense ayambire pansi, mumukweze pang'onopang'ono kuti azolowere nyale.

Loweruka lililonse ndimasintha malita 20, n'kuyeza. Alkalinity, mphamvu ya madzi yoletsa asidi kuchuluka, ndimafuna ikhale pa 8 kapena 9 dKH, calcium pakati pa 400 ndi 450 ppm (dKH ndi ppm ndi miyeso ya pa zoyezera madzi). Nambala ikalakwika musaikonze tsiku limodzi, igawireni masiku angapo.

Chotsala ndi magetsi. Akazima, kuwala si vuto, makorali amapirira mdima tsiku lonse. Chimapha ndi madzi kuima, mpweya n'kuchepa. Ine ndinalumikiza pampu imodzi ku batire, ndipo kapampu kena ka mpweya koyendera mabatire kamakhala m'kabati, pansi pa thanki pomwepo.