Funsani kaye ngati ntchitoyo ikaonekera pa sikirini kapena papepala

Wophunzira amene wangoyamba kuthandiza pa ntchito yokonza mawebusayiti ndi zithunzi amathamangira kutsegula pulogalamu ya Photoshop kapena ya Illustrator asanafunse ngati chimene akupangacho chikaonekera pa sikirini kapena chikasindikizidwa papepala, chonsecho yankho la funsoli ndi limene limasonyeza poyambira.

Sikirini imapanga mitundu posakaniza kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwabuluu, komwe timati RGB, pamene makina osindikizira amagwiritsa ntchito inki zinayi za CMYK. N'chifukwa chake buluu wowala amene munamukonda pa kompyuta amatuluka wozimiririka papepala. Ngati ntchitoyo ndi yokasindikiza, sankhani CMYK musanajambule kanthu, zithunzi zikhale za 300 dpi (timadontho 300 pa inchi iliyonse) pa kukula kwake kwenikweni, ndipo mtundu wakumbuyo upitirire mamilimita 3 m'mbali zonse kuti podula pepala pasatsale kamzere koyera. Chithunzi chongotengedwa pa intaneti kawirikawiri sichikwanira, chifukwa chikakulitsidwa chimaoneka timabokositimabokosi.

Pa webusayiti pamafunika zithunzi zopepuka kuti tsamba lisachedwe kutseguka, ndipo logo ikhale fayilo ya mtundu wa SVG, yomwe siwonongeka ikakulitsidwa.

Musataye fayilo yoyambirira yokhala ndi ma layer ake, zomwe ndi zigawo za chithunzi zimene mungasinthe chilichonse pachokha. Amene akukuyang'anirani adzakuuzani kuti musinthe tsiku kapena dzina, mwinanso usiku woti mawa lake muli ndi mayeso, ndipo kusintha mawu pa chithunzi cha JPEG, pomwe zonse zinamatana kale, n'chimodzimodzi kuyambiranso ntchitoyo. Pa dzina la fayilo lembanipo tsiku, chifukwa mawu oti "yomaliza" sachedwa kukhala bodza.